KUSULA APHUNZITSI PA YUNIVESITE YA ZAMBIA

Mmisiri wosula makasu amene sanapondepo m'munda akhoza kusula khasu lokongola m'maso, koma likafika m'manja mwa mlimi lipindika pa nthaka youma. Nchito yosula aphunzitsi ili ndi vuto lonenga lomweli, pakuti amene akonza maphunziro a mphunzitsi nthawi zambiri akhala kutali ndi kalasi imene mphunzitsiyo adzaimamo. Kuyambira m'caka ca 1966, pamene Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu Lusaka, ndondomeko ya maphunziro a uphunzitsi yasinthidwa kambiri, ndipo pa kusintha konseko pakhala funso limodzi losatha: kodi mphunzitsi asowa ciani koposa, kudziwa phunziro lace mozama, kapena kudziwa mwana amene akhala pamaso pace ndi njira yomfikira? Mbiri ino ilondola m'mene funsoli linayankhidwira pa nyengo zosiyanasiyana, ndi zimene zinaoneka m'makalasi cifukwa ca mayankhowo.

MASIKU A AMISHONI NDI A CHALIMBANA

Yunivesite isanabadwe, kusula aphunzitsi kunali m'manja mwa amishoni. Mpingo uli wonse unali kusankha anyamata ocenjera pa sukulu ya pa mishoni, kuwaphunzitsa kuwerenga, kulemba, masamu ocepa ndi Mau a Mulungu, ndi kuwatumiza ku midzi kuti akakhale aphunzitsi ndi alaliki pamodzi. Ku Kafue, m'caka ca 1918, a mpingo wa Primitive Methodist anatsegula sukulu yotchuka imene mtsogoleri wace anali John Fell.

M'caka ca 1924 dziko la Northern Rhodesia linacoka m'manja mwa kampani ya British South Africa ndi kulowa pansi pa Boma la ku London. M'caka comweco kunafika nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes la ku America, ndipo uphungu wao unali wakuti maphunziro a mwana wa mu Africa agwirizane ndi moyo wa kumudzi, ndiwo ulimi, ukhondo, nchito za manja ndi khalidwe labwino. Mu 1925 Boma linaika G. C. Latham kukhala woyang'anira maphunziro a anthu akuda, ndipo mu 1927 zinenero zinai zinasankhidwa kuti ana ayambire nazo sukulu: Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cilozi. Sukulu ya Jeanes inamangidwa ku Mazabuka, mtsogoleri wace nakhala Fell yemwe uja, ndipo mu 1939 inasamukira ku Chalimbana, kum'mawa kwa Lusaka, kufupi ndi Chongwe. Wophunzira wa ku Jeanes anali kufika ndi mkazi wace ndi ana. Mwamuna anali kuphunzira kuyendera masukulu a m'midzi ndi kuongolera aphunzitsi anzace, pamene mkazi anali kuphunzira kusoka, kulera ana ndi kusamala panyumba.

Mphunzitsi wa masiku amenewo anali kudziwa anthu ace. Analankhula cinenero ca ana, anadziwa makolo ao ndi mfumu yao, ndipo anazindikira nyengo imene ana athawa sukulu kukaingitsa mbalame ku mapira. Koma m'mabuku sanapite patali, popeza ambiri anayamba uphunzitsi atatsiriza Standard 4 kapena Standard 6, ndi kuonjezapo caka cimodzi kapena ziwiri za kusulidwa. Anthu akuda sanacedwe kuona kuti maphunziro ogwirizana ndi mudzi anali ngati denga lalifupi lowaletsa kuimirira. Harry Nkumbula, Kenneth Kaunda ndi Simon Kapwepwe, amene anatsogolera nkhondo ya ufulu, onse anagwirapo nchito ya uphunzitsi, ndipo analawa okha kucepa kwa maphunziro amene Boma la Angerezi linawagawira. Ici cithandiza kumvetsa cifukwa cace dziko litapata ufulu, mitima ya atsogoleri inapendekera ku maphunziro ozama a m'mabuku.

MZINDA UMODZI, MAPHUNZIRO AWIRI

Lusaka anakhala likulu la dziko mu 1935, ndipo mzindawo unamangidwa mogawa anthu. Azungu anakhala ku Ridgeway, ku Woodlands ndi ku Kabulonga, m'nyumba za mabwalo akulu, pamene anchito akuda anaikidwa ku Kabwata ndi malo ena otere, m'tinyumba tozungulira ta maudzu. Masukulu anagawidwa cimodzimodzi. Pa nthawi ya Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 kufikira kumapeto kwa 1963, maphunziro a ana a Azungu ndi a Amwenye anali m'manja mwa Boma la Citaganya, ndipo a ana akuda anatsalira Boma la Northern Rhodesia. Ku Kabulonga kunali masukulu awiri a sekondale a ana a Azungu, Gilbert Rennie ya anyamata ndi Jean Rennie ya atsikana, okhala ndi aphunzitsi a madigiri. Mnyamata wakuda wofuna sekondale anali kulimbirana malo ocepa a ku Munali, kumene makalasi a sekondale anayamba mu 1939. Koleji ya ukacenjede ya maiko atatuwo inali ku Salisbury, ndipo mayeso olowera anali okwera kotero kuti ana a Northern Rhodesia amene anafikako anali owerengeka.

Motero pa 24 October 1964, tsiku la ufulu, dziko lonse la Zambia linali ndi anthu akuda a madigiri pafupifupi 100 okha, ndi ana a sukulu za sekondale pafupifupi 14,000. Zitseko za Gilbert Rennie ndi Jean Rennie zinatsegukira ana a mitundu yonse, maina ace nasanduka Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls. Boma latsopano linayamba kumanga sekondale pafupifupi m'boma liri lonse, ndipo pofika 1970 ana a sekondale anapitirira 50,000. Njerwa zinalipo, ana analipo, koma aphunzitsi eni dziko panalibe. Ambiri ndithu a iwo amene anaphunzitsa m'masekondale anali alendo ocokera ku Britain, ku India ndi maiko ena, obwera pa pangano la zaka ziwiri kapena zitatu.

KUBADWA KWA YUNIVESITE NDI NDONDOMEKO YOYAMBA

M'caka ca 1963 komiti yotsogozedwa ndi Sir John Lockwood inalangiza kuti dziko limange yunivesite yaceyace, yosadalira London, yopereka madigiri ace, ndi yoyang'ana zosowa zenizeni za dziko. Inalangizanso kuti mwana wotsiriza Form 5 alowe osayembekeza mayeso ena apamwamba, ndi kuti digiri itenge zaka zinai. Lamulo lokhazikitsa yunivesite linapangidwa mu 1965. Anthu wamba anasonkha ndalama, ndipo ena a kumidzi anapereka nkhuku, mbuzi ndi zokolola. Mu March 1966 ophunzira 312 anayamba maphunziro ku Ridgeway, ndipo mu July caka comweco Dr. Kaunda anaika mwala wa maziko pa malo atsopano a m'mbali mwa msewu wa Great East, pa njira ya ku Munali ndi ku Chelstone. Woyendetsa yunivesite woyamba anali Douglas Anglin wa ku Canada, ndipo mu 1969 Lameck Goma analowa m'malo mwace.

Yunivesite inayamba ndi zigawo zitatu: ca sayansi, ca maphunziro a za anthu monga mbiri ndi zinenero, ndi ca uphunzitsi cotchedwa School of Education. Poyamba cigawo ca uphunzitsi cinatsata njira ya ku Britain, yakuti munthu amene ali kale ndi digiri aphunzire uphunzitsi caka cimodzi ndi kulandira satifiketi. Koma m'dziko losowa madigiri njira imeneyi inali ngati nkhokwe yomangidwa mbeu zisanabzalidwe, ndipo pakati pa ophunzira oyambawo panali ambiri ocokera ku Britain. Tsono patapita zaka zocepa kunadza kusintha kwakukulu koyamba: yunivesite inakhazikitsa digiri ya zaka zinai yophatikiza phunziro ndi uphunzitsi, ya BA ndi ya BSc, kuti wacinyamata wocokera ku sekondale aturuke ali mphunzitsi wokwana.

Kamangidwe ka digiri imeneyi kayenera kumveka bwino, pakuti m'menemo ndimo munabisala vuto la zaka zotsatira. Wophunzira anali kusankha maphunziro awiri odzaphunzitsa, monga Cingerezi ndi mbiri, kapena masamu ndi sayansi. Koma maphunziro amenewa sanali kuwatenga ku cigawo ca uphunzitsi iai. Anali kuwatenga ku zigawo zina ziwiri zija, atakhala pa benci limodzi ndi anzace ofuna nchito za m'maofesi, za m'mabanki ndi za ku migodi, ndipo owaphunzitsa sanali kulingalira za silabasi ya sekondale. Cigawo ca uphunzitsi cinatsala ndi gawo locepa: mbiri ndi nzeru za maphunziro, kakulidwe ka maganizo a mwana, kayendetsedwe ka sukulu, ndi njira zophunzitsira, zimene zinali kudza ca kumapeto, pamodzi ndi masabata owerengeka a kukayesa kuphunzitsa m'sukulu yeniyeni. Motero muyezo unapendekera ku kudziwa phunziro. Panali ubwino wace, cifukwa mphunzitsi wa digiri anatha kuima pamaso pa Form 5 wopanda mantha. Koma digiri yomweyo inamtsegulira makomo ena, ndipo pa zaka zimene maudindo a Azungu anali kuperekedwa kwa eni dziko, ambiri anasiya coko ndi bolodi kukagwira nchito za malipiro okwera.

Pozindikira kuti yunivesite yokha singakwanitse, Boma linatsegula koleji ku Kabwe mu 1967, imene pambuyo pace inatchedwa Kwame Nkrumah, ndi ina ku Kitwe mu 1974, kuti zisule aphunzitsi a makalasi oyamba a sekondale. Makolejiwa analumikizidwa ku yunivesite, imene inali kupenda maphunziro ao ndi mayeso ao. Pakati pa mzinda wa Lusaka, koleji ya Evelyn Hone inatenga nchito yosula aphunzitsi a nyimbo ndi a zojambula. Kunalinso maphunziro a pa kalata, amene anathandiza aphunzitsi okhala kale pa nchito kupata digiri osasiya sukulu zao. Koma za mwana wamng'ono wa ku pulaimale yunivesite inazisiyira makoleji a satifiketi, monga ngati kuphunzitsa mwana zilembo ndi nchito yosafuna ukacenjede.

CINGEREZI KUYAMBIRA TSIKU LOYAMBA

Pa nthawi yomweyo panapangidwa cisankho cimene cinakhudza mphunzitsi ali yense. Mu 1963 akatswiri otumidwa ndi UNESCO, otsogozedwa ndi W. C. Radford wa ku Australia, analangiza kuti Cingerezi cikhale cinenero cophunzitsira kuyambira m'kalasi yoyamba. Boma linavomera mu 1965, John Mwanakatwe ali Nduna ya Maphunziro, ndipo lamulo la maphunziro la 1966 linalimbitsa zimenezi. Zifukwa zace zinali zomveka. Dziko linali ndi zinenero zambiri, atsogoleri anaopa tsankho la mitundu, mphunzitsi anayenera kutumizidwa ku cigawo ciri conse, ndipo m'mizinda monga Lusaka ana a mitundu yosiyana anakhala m'kalasi imodzi. Mabuku atsopano a Zambia Primary Course analembedwa, ndipo aphunzitsi a pulaimale anaphunzitsidwa kutsata buku tsamba ndi tsamba, kunena ciganizo ca Cingerezi ndi kuuza ana kuti abwereze pamodzi.

Mwana wa ku Woodlands amene atate wace analankhula Cingerezi panyumba anapita patsogolo msanga. Mwana wa ku Kabwata, amene anamva Cingerezi pa sukulu pokha, anaphunzira kubwereza mau osawamva tanthauzo. Kapwepwe anadzudzula poyera kunyozedwa kwa zinenero za makolo, ndipo pa yunivesite pomwe katswiri wa zinenero Mubanga Kashoki anafufuza ndi kulemba zambiri pa nkhaniyi. Mu 1977 Unduna wa Maphunziro unavomereza kalembedwe ka zinenero zisanu ndi ziwiri: Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cilunda, Ciluvale ndi Cikaonde. Ngakhale zinali tero, ulemu wonse unali pa Cingerezi, ndipo ophunzira ofuna kudzakhala aphunzitsi a zinenero za dziko anali ocepa.

ZAKA ZA USIWA

Mu 1976 Boma linaturutsa maganizo olimba otchedwa Education for Development, ofuna kuti sukulu ndi nchito za manja ziyendere pamodzi monga mwa ciphunzitso ca Humanism. Anthu atakambirana m'dziko lonse, maganizowo anafewetsedwa, ndipo mu 1977 kunaturuka cikalata ca Educational Reform. Cikalataco cinalonjeza zaka 9 za maphunziro kwa mwana ali yense, cinalimbikitsa minda ndi zoweta pa sukulu, ndipo cinavomereza kuti mwana aphunzira bwino m'cinenero cace, koma cinasunga Cingerezi cifukwa ca kuvuta kwa kusintha. Ndondomeko yotere inafuna mphunzitsi wa mtundu wina, wodziwa khasu ndi nyundo pamodzi ndi buku.

Tsoka lace linali lakuti mtengo wa mkuwa unali utagwa kale mu 1975, ndipo cuma ca dziko cinalowa pansi kwa zaka zambiri. Mabuku atsopano analeka kufika m'nyumba yowerengera ya yunivesite, zipangizo za sayansi zinatha, ndipo aphunzitsi ambiri a pa yunivesite ndi a m'masekondale anapita ku Botswana ndi maiko ena oyandikana kukafuna malipiro okwanira. M'masukulu ana anaculuka kotero kuti ena analowa m'mawa, ena masana. Masukulu a pulaimale anaonjezeredwa Giredi 8 ndi 9, ndipo popeza aphunzitsi osulidwira makalasiwo anali ocepa, aphunzitsi a pulaimale anakwezedwa kukaphunzitsa zimene sanaziphunzire mokwana.

M'zaka zimenezi cigawo ca uphunzitsi cinagwira nchito ina yofunika, ndiyo kupenda maphunziro a dziko ndi kunena zoona. Mu 1986 gulu la akatswiri a yunivesite, lotsogozedwa ndi Bambo Michael J. Kelly, wansembe wa cipani ca Ajezuiti wocokera ku Ireland amene anakhalapo mkulu wa cigawoco, linaturutsa lipoti loonetsa kuti malonjezo a 1977 sakanatheka ndi ndalama zimene zinalipo ndi kuculuka kwa ana obadwa caka ndi caka. Pambuyo pace kunadza mliri wa Edzi. M'miyezi 10 yoyamba ya 1998 aphunzitsi oposa 1,300 anamwalira, ndipo Bambo Kelly anakhala mmodzi wa iwo amene anaumirira kuti mphunzitsi wosulidwa osamva za matendawa, za ana amasiye ndi za uphungu, sanasulidwe mokwana. Motero nkhani zimene kale zinali zosatchulika m'kalasi zinalowa m'maphunziro a aphunzitsi.

MWANA WOSADZIWA KUWERENGA

Cimene cinagwedeza maganizo koposa ndi umboni wa kuwerenga. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, Eddie Williams wa ku Britain anayesa ana a pulaimale m'Zambia ndi m'Malawi. Ana a m'Malawi anali kuyamba sukulu m'Cicewa, pamene a m'Zambia anali kuyamba m'Cingerezi. Anapeza kuti pa kuwerenga Cingerezi magulu awiriwo sanasiyane kwenikweni, koma pa kuwerenga cinenero ca kwao ana a m'Malawi anaposa kutali. Tanthauzo lace linali lowawa: zaka zoposa 25 za Cingerezi kuyambira Giredi 1 sizinapatse ana ambiri Cingerezi, koma zinawamana kuwerenga m'cinenero cao. Mayeso ena a mu 1995 anaonetsa kuti mwa ana anai a Giredi 6, mmodzi yekha ndiye anafika ngakhale pa muyezo wotsika wa kuwerenga.

Tsono cikalata ca Educating Our Future ca 1996 cinalamula kuti mwana ayambe kuphunzira kuwerenga ndi kulemba m'cinenero ca dera lace. Njira yatsopano inayesedwa ku Kasama m'Cibemba mu 1998, ndipo kuyambira 1999 inafalitsidwa m'dziko lonse. Makoleji a pulaimale anasinthanso ndondomeko yao: pofika caka ca 2000 wophunzira anali kukhala caka cimodzi pa koleji ndi caka cimodzi pa sukulu, akuphunzitsa. Apa muyezo unapendekera mbali ina, ndipo panamveka madandaulo akuti caka cimodzi ca pa koleji sicikwanira kuzamitsa munthu m'maphunziro onse a pulaimale.

Yunivesite nayo inafutukula mpanda wace. Inayamba kupereka digiri ya maphunziro a pulaimale, makamaka kwa aphunzitsi okhala kale pa nchito ndi kwa osula anzao m'makoleji. Inakhazikitsa digiri yophunzitsa ana olemala, osaona ndi osamva, amene kale aphunzitsi ao anali kusulidwa pa koleji yapadera ya mu Lusaka yotsegulidwa mu 1971. Dziko litabwerera ku ndale za zipani zambiri mu 1991, kunafunikanso aphunzitsi a za ufulu ndi udindo wa nzika, ndipo phunziro limeneli linalowa m'ndondomeko, pamodzi ndi la kusamala cilengedwe. Kusintha konseku kunadza m'mbuyo mwa zosowa, monga mlonda amene afika mbala itapita.

CINYANJA CA M'BUKU NDI CINYANJA CA PA MSIKA

Mu 2013 Unduna wa Maphunziro unaturutsa ndondomeko yatsopano ya masukulu, imene inayamba kugwira nchito mu January 2014. Inalamula kuti kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 4 maphunziro aperekedwe m'cinenero cozolowereka ca dera, ndipo ku sekondale inatsegula njira ziwiri, ya mabuku ndi ya umisiri. Maphunziro a aphunzitsi a pulaimale anakwezedwa kucoka pa satifiketi kufika pa dipuloma ya zaka zitatu. M'caka comweco ca 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Teaching Council of Zambia lolembetsa aphunzitsi, ndipo m'zaka zomwezo makoleji a Nkrumah, a ku Kitwe ndi a Chalimbana anakwezedwa kukhala mayunivesite.

Mu Lusaka cinenero cosankhidwa cinali Cinyanja, koma apa panabuka funso limene olemba malamulo sanaliyankhe: Cinyanja cace citi? Wofuna kumva cinenero ceniceni ca mzindawu apite ku City Market, kumadzulo kwa msewu wa Cairo, kumene amai a ku Kabwata, ku Chelstone, ku Kanyama ndi ku Matero agulitsa kapenta, nyemba, zitenje ndi salaula. Kumeneko ana atchedwa bana, madzi ndi manzi, tsopano ndi manje, ndipo wogula anena kuti nifuna m'malo mwa ndifuna. Cinsenga, Cibemba ndi Cingerezi zalowerera m'Cinyanja ca mu mzinda kufikira cakhala ndi nkhope yaceyace. Koma mabuku a sukulu analembedwa m'Cinyanja coyandikana ndi Cicewa ca ku Katete ndi ku Chadiza. Mwana wa mai wa pa msika, amene akhoza kuwerengera ndalama za makasitomala mosaphonya, anapeza m'buku lace loyamba mau amene sanawamvepo panyumba. Ndipo mphunzitsi wace mwina anali Mtonga kapena Mlozi wotumizidwa ku Lusaka, amene iye mwini anaphunzira Cinyanja m'basi ndi pa msika. Akatswiri a pa yunivesite, monga Geoffrey Tambulukani ndi David Sani Mwanza, anafufuza za kusiyana kumeneku, ndipo anaonetsa kuti mwana amene cinenero ca kwao citalikirana ndi ca m'buku avutika kuyamba kuwerenga. Phunziro lace kwa osula aphunzitsi ndi lakuti mphunzitsi wa mu mzinda asowa luso loyambira pa mau amene mwana afika nao ndi kumuolotsera ku mau a m'buku.

YUNIVESITE IDZIPENDA YOKHA

Cinthu coyamikika m'mbiri imeneyi ndi cakuti kudzudzula kolimba kunacokera m'kati mwa cigawo ca uphunzitsi momwe. Mu 2013 Peter Manchishi ndi Mwanza analemba za nthawi imene ophunzira a yunivesite anali kukayesa kuphunzitsa m'masukulu, ndipo anapeza kuti masabata ngati 6 pa digiri ya zaka zinai anali ocepa kwambiri, ndi kuti kuyenderedwa kwa ophunzirawo kunali kosakwanira. Mu 2015 Innocent Mutale Mulenga anapenda maphunziro a aphunzitsi a Cingerezi, napeza kuti zambiri zimene anali kuphunzira sizinagwirizane ndi zimene silabasi ya sekondale inafuna, popeza ndondomekoyo inakonzedwa osayamba afufuza nchito yeniyeni imene mphunzitsi akagwira. Munthu anatha kuturuka wodziwa nzeru zozama za kapangidwe ka zinenero, koma wosakonzeka kuphunzitsa mwana wa Giredi 10 kulemba cimangirizo kapena kufupikitsa nkhani. Limeneli ndi vuto lomwe lija linabisala m'kamangidwe ka digiri yoyamba, lakuti phunziro liperekedwa ku nyumba ina ndi njira yophunzitsira ku nyumba ina, ndipo palibe wolumikiza ziwirizo koma wophunzira yekha.

Masukulu sanaime kuyembekeza. Mu January 2022 Boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira Giredi 12, ana ambiri anabwerera m'makalasi, ndipo m'caka comweco aphunzitsi oposa 30,000 analembedwa nchito nthawi imodzi. Mu 2023 kunaturuka ndondomeko inanso, ya zaka 6 za pulaimale, 4 za sekondale ndi 2 za sekondale yapamwamba, yotsamira pa zimene mwana akhoza kucita koposa zimene waloweza pamtima. Inayamba kugwira nchito mu 2025, ndipo aphunzitsi amene anailandira anali atasulidwa pa ndondomeko zakale.

Apa pali masamu osavuta. Ndondomeko ya masukulu inasinthidwa mu 1966, mu 1977, mu 1996, mu 2013 ndi mu 2023. Kusula mphunzitsi wa digiri kutenga zaka zinai, ndipo iye akhoza kugwira nchito zaka 30 kapena kuposa. Motero palibe yunivesite imene ingasule munthu woyenera silabasi imodzi yokha, pakuti silabasiyo idzafa iye akali pa nchito. Aphunzitsi a ku Chalimbana anadziwa mwana koma anamanidwa kuya kwa mabuku. A digiri oyamba anapata kuya kwa mabuku koma anakumana ndi mwana mocedwa. Zaka zonsezi zaonetsa kuti kulekanitsa ziwirizi ndiko kulakwa, ndi kuti wolipira mtengo wace ndiye mwana wa Giredi 1, amene sadzabwereranso m'kalasi imeneyo kuti akonzeredwe zimene zinalakwika. Akale anati m'mera mpoyamba. Mai wa pa City Market amene agula yunifomu ndi makope pa ndalama za kapenta safunsa dzina la ndondomeko. Iye afuna kuti caka cikatha mwana wace atenge pepala ndi kumuwerengera.